Kopita, Podzera ndi Muno: Kufotokoza m'Chicheŵa Kayendedwe ka Uthenga Pakati pa Manetiweki a mu Mtambo

1. Chiyambi

Pa misonkhano ya mtundu uno nkhani yopanga mau a sayansi ndi luso m'ziyankhulo zathu imakambidwa kaŵirikaŵiri, ndipo nthaŵi zambiri imathera pa mindandanda: mbali ina mau a Chingerezi, mbali ina mau a Chicheŵa, Chishona kapena Chiswahili. Mindandanda yotere ili ndi ntchito yake, koma dzina palokha silifotokoza kanthu. Chiyankhulo chimayesedwa ndi chiganizo, pamene munthu afuna kuuza mnzake kuti chinthu chakuti chimagwira ntchito motere, ndipo chikakanika chimakanika pa chifukwa chakuti. M'pepala lino tasankha mutu umodzi wopapatiza wa luso la makompyuta, umene ndi kayendedwe ka uthenga kuchoka mu netiweki ina kupita mu inzake m'kati mwa mtambo, ndipo tiufotokoza m'Chicheŵa kuchokera poyamba, tikumaima paliponse pamene kusankha mau kungathandize kapena kusokeretsa womvera.

Mfundo yathu ndi yakuti magulu atatu a mayina osonyeza malo, a Pa, Ku ndi Mu, pamodzi ndi misintho ya aneni, amasiyanitsa mwa iwo okha zinthu zimene Chingerezi chimazisiyanitsa ndi mayina ongogwirizana. Koma msintho umodzi, wochitirana, umene womasulira aliyense angauthamangire, umalonjeza zimene makinawo sachita.

Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko la Malaŵi mu 1968. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, ndipo Centre for Language Studies, imene inaloŵa m'malo mwake mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Maziko alipo. Nayenso mutu wathu si wakutali monga mmene ukumvekera. Kampani ya Microsoft inatsegula nyumba zake za mtambo ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ya Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo ya Google ku Johannesburg mu 2024. Ntchito yobwereketsa makompyuta ya Amazon yotchedwa EC2, imene inayamba mu 2006, mbali yake yaikulu inakonzedwa ndi gulu la akatswiri a ku Cape Town komweko.

2. Mtambo ndi netiweki ya m'kaundula

Dzina loti mtambo ndi lomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo sitiona chifukwa cholikanira. Linachokera ku chizoloŵezi cha akatswiri chojambula kamtambo pa pepala poimira mbali ya netiweki imene safuna kulongosola za m'kati mwake. Chofunika n'kumveketsa kuti palibe chilichonse chili kumwamba. Mtambo ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta zikwizikwi, zokhala ndi magetsi, makina oziziritsira ndi alonda pachipata. Mwini nyumbazo amabwereketsa mphamvu ya makompyutawo kwa ofuna, ndipo amalipiritsa malinga ndi zimene aliyense wagwiritsa ntchito.

Kompyuta imodzi yogwirika ndi manja imatha kunyamula makompyuta ambiri opangidwa ndi pulogalamu, ndipo eni ake amakhala osiyanasiyana: wina banki, wina sukulu, wina sitolo. Mawaya ndi amodzimodzi. Nanga n'chiyani chimaletsa uthenga wa banki kufika ku sitolo? Uthenga uliwonse umadulidwa m'zidutswa zimene pano tizitcha maphukusi, ndipo phukusi lililonse limalembedwa keyala ya kumene lachokera ndi ya kumene likupita. Lisanaloŵe m'mawaya, kompyuta yogwirika ija imafunsa kaundula wa mwini mtambo mafunso aŵiri: kodi keyala iyi ili m'netiweki ya mwini phukusili, ndipo ngati ilimo, ili pa kompyuta yogwirika iti? Yankho likapezeka, phukusilo limakutidwa m'phukusi lina lakunja, monga envulopu m'kati mwa envulopu, n'kutumizidwa molunjika. Likasoŵa yankho limatayidwa pomwepo. Njira imodzi yodziŵika yokutira maphukusi motere, ya VXLAN, inalembedwa mu 2014. Nambala yake yozindikiritsa netiweki ili ndi mabiti 24, ndipo ingathe kusiyanitsa manetiweki opitirira 16 miliyoni, pamene njira yakale ya VLAN, ya mabiti 12, imathera pa 4,094.

Chimenechi ndicho Chingerezi chimatcha virtual network. Amazon inayamba kuchigulitsa mu 2009 pa dzina loti Virtual Private Cloud. Mau oyambawo ndi amene amavuta. Omasulira ambiri angalembe kuti netiweki yongoyerekeza, ena mpaka yabodza, ndipo onse aŵiri alakwa, pakuti uthenga woyendamo ndi weniweni, ndalama za banki zoyendamo ndi zenizeni, ndipo zikasokera zimasokeradi. Chimene netiweki yotere ilibe ndi mawaya akeake; kukhalapo kwake konse kuli m'zolembedwa. Ikufanana ndi puloti ya m'tauni isanamangidwe mpanda: pansi pali tchire limodzi, koma malire ali m'buku, ndipo bukulo ndilo liweruza. Pa chifukwa ichi tikupereka dzina loti netiweki ya m'kaundula, mosiyana ndi netiweki ya mawaya. N'lalitali, tivomereze, koma limauza womvera kumene angakayang'ane zinthu zikasokonekera.

Mau oti netiweki tawasunga. Chiswahili chinadzipangira mtandao, ndipo ena mwa ife angafune ukonde. Koma ukonde umakola nsomba, supereka kanthu kwa wina, ndipo munthu wa kunyanja akaumva aganiza za kugwira. Netiweki inafika kale m'mudzi pamodzi ndi foni. Vuto lake n'lakuti tanthauzo lake linapapatira: munthu akati netiweki yavuta amanena za mphamvu ya foni yake basi. Kulikulitsanso tanthauzolo n'kwapafupi kusiyana ndi kuphunzitsa ukonde ntchito imene sunaigwirepo.

3. Keyala ndi mndandanda wa njira

Keyala ndi mau obwerekedwa a m'nthaŵi ya makalata a papositi, ndipo ali ndi abale ake m'chigawo chino: kero m'Chishona, ikheli m'Chizulu. Onse amaloza ku care of wa Chingerezi, mau amene ankalembedwa pa kalata yodzera kwa munthu wina, monga mphunzitsi wamkulu kapena m'busa, isanafike kwa mwini wake. Ziyankhulo zathu zinatenga dzina la podzera n'kulisandutsa dzina la keyala yonse, ndipo tiona posachedwa kuti m'makompyuta namonso nkhani yagona pa podzera.

Keyala ya mtundu wa IPv4, umene unalembedwa mu 1981, ili ndi mabiti 32, ndipo imalembedwa ngati manambala anayi, iliyonse kuyambira 0 kulekeza 255, monga 10.2.5.7. Makeyala onse otheka ndi pafupifupi 4.3 biliyoni, ochepa poyerekeza ndi zida zimene zili pa dziko lapansi. Choncho mu 1994 anapatula magulu atatu a makeyala oti aliyense azigwiritsa ntchito m'nyumba mwake osatuluka nawo pa intaneti: oyamba ndi 10, oyamba ndi 172.16 kulekeza 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Manetiweki a m'kaundula amatenga makeyala awo m'magulu ameneŵa. Kuyambira 1993 gulu la makeyala limalembedwa ndi kamzere kopendekera ndi nambala yonena kuchuluka kwa mabiti oyambirira amene sasintha. Motero 10.2.0.0/16 ndi makeyala onse oyamba ndi 10.2, okwana 65,536, pamene 10.2.5.0/24 ndi oyamba ndi 10.2.5, okwana 256. Nambala ya pambuyo pa kamzere ikamakula, gulu limachepa. (Mwa 256 amenewo wobwereka amalandira 251 okha ku Amazon ndi ku Microsoft, chifukwa mwini mtambo amadzisungira asanu m'kachigawo kalikonse.)

Tiyerekeze tsopano kuti bungwe lina lili ndi manetiweki atatu m'mtambo umodzi: A wa makeyala a 10.1.0.0/16, B wa 10.2.0.0/16, ndi C wa 10.3.0.0/16. Phukusi lililonse lotuluka m'kompyuta ya mu A limayang'aniridwa pa mndandanda wa njira. Mndandandawo uli ndi mizati iŵiri yokha yofunika, ndipo m'Chicheŵa tingaulembe motere:

(1) Kopita: 10.1.0.0/16. Podzera: muno.
Kopita: 10.2.0.0/16. Podzera: pa pangano la A ndi B.
Kopita: 0.0.0.0/0. Podzera: pa chipata cha intaneti.

Woŵerenga aone kuti sitinapeke mau alionse. Kopita, podzera ndi muno ndi Chicheŵa cha tsiku ndi tsiku, ndipo kusiyana kwa magulu a mayina kwagwira ntchito yonse. Taganizirani ziganizo izi za munthu wochokera ku Lilongwe:

(2) a. Ndikupita ku Zomba.
b. Ndidzera pa Liwonde.
c. Ndaloŵa mu Zomba.

Gulu la Ku limaloza dera lotakata ndi lotalikira, losadulidwa bwino malire m'maganizo a wonena. Gulu la Pa limaloza malo amodzi odziŵika, oti munthu angaimepo. Gulu la Mu limaloza m'kati mwa chinthu chokhala ndi malire. Mzati woyamba wa mndandanda sunena kompyuta imodzi koma gulu lonse la makeyala, choncho Ku ndiye woyenera. Mzati wachiŵiri umanena chinthu chimodzi chimene phukusi liperekedwe kwa icho, choncho Pa. Ndipo pamene phukusi silifunika kutuluka, Chicheŵa chili ndi liu limodzi lokwanira, muno, limene limanena zonse ziŵiri, kuti ndi m'kati ndiponso kuti ndi mmene wonenayo ali. Mwana wa sukulu amene sanamvepo za destination ndi next hop angasiyanitse kopita ndi podzera osauzidwa.

Pali chinthu china chimene mau oti podzera amaphunzitsa. Mndandanda wa njira sudziŵa ulendo wonse. Umangodziŵa poperekera phukusi, monga munthu wa pamphambano amene amati pitani pa Liwonde mukafunsenso pamenepo. N'chifukwa chake dzina loti namulondola, limene lingakope wofuna kumasulira router, siliyenera: namulondola amayenda nawe mpaka ukafike. Kabokosi ka m'nyumba anthu anakatcha kale rauta ndipo kakhale choncho. Mu mtambo mulibe kabokosi koti tikatchule dzina. Muli ntchito yokha, ndipo ntchitoyo ndi kuloza njira.

Mizere ingapo ingathe kugwirizana ndi phukusi limodzi. Mzere wotsiriza wa (1), wa 0.0.0.0/0, ulibe biti ndi imodzi yomwe yosasintha, motero umagwirizana ndi keyala iliyonse; tanthauzo lake ndi kwina kulikonse. Tiyerekeze kuti pa mndandandawo pawonjezedwa mzere wa 10.2.5.0/24 wokhala ndi podzera pakepake. Phukusi lopita ku 10.2.5.7 ligwirizana ndi mizere itatu: wa /0, wa /16 ndi wa /24. Lamulo ndi lakuti mzere wa nambala yaikulu ndiwo utsatidwa, pano wa /24, chifukwa ndiwo walunjika kwambiri, monga mmene kalata yolembedwa mudzi imaposera yolembedwa boma lokha. Chingerezi chimatcha lamuloli longest prefix match, ndipo apa womasulira achenjere. Chimene chatalika ndi chiŵerengero cha mabiti ogwirizana. Wolemba kuti makina amasankha njira yaitali wanena chinthu chimene woŵerenga aliyense achimva molakwa, n'kumadabwa kuti makina anzeru amakonderanji kuzungulira. Tinene kuti mzere wolunjika kwambiri ndiwo upambana.

4. Msintho wochitirana ndi netiweki yachitatu

Manetiweki aŵiri a m'kaundula sadziŵana pokhapokha eni ake atafuna. Njira yapafupi yowadziŵanitsira imatchedwa peering. Amazon inaiyambitsa mu 2014 ndipo Microsoft mu 2016. Ili ndi zofunika ziŵiri. Choyamba, magulu a makeyala asaloŵerane. A ndi B akakhala onse ndi 10.1.0.0/16, mwini mtambo amakana, pakuti keyala imodzi ikanatanthauza muno ndi uko nthaŵi imodzi. Vutoli limabuka kwambiri pamene makampani aŵiri aphatikizana, aliyense atasankha kale yekha makeyala oyamba ndi 10.0, ndipo kusintha makeyala a netiweki imene ikugwira ntchito ndi chintchito choopsa. Chachiŵiri, mbali zonse ziŵiri zivomere. Ku Amazon wina amapempha, mnzake n'kuvomera, ndipo pempho losayankhidwa limatha mphamvu pakapita masiku 7. Kenaka aliyense amalemba yekha mzere pa mndandanda wake. Ku Microsoft ndi ku Google mizereyo imadzilemba yokha mbali ziŵirizo zikagwirizana.

Chinthu chofuna mbali ziŵiri zofanana mphamvu chimaitana msintho wochitirana, wa -an-, ndipo pa manetiweki aŵiri palibe chovuta:

(3) A ndi B alumikizana.

Chovuta chimadza ndi wachitatu. Tiyerekeze kuti A wachita pangano ndi B, ndipo B wachita pangano ndi C. Munthu wofotokozera akuluakulu a bungwe anena mosakayika kuti:

(4) A, B ndi C alumikizana.

Akatswiri a ziyankhulo akudziŵa kuti -an- sanena chinthu chimodzi pamene eni nkhani apitirira aŵiri. Mary Dalrymple, Sam Mchombo ndi Stanley Peters analemba za msinthowu mu 1994 pouyerekeza ndi Chingerezi, ndipo Mchombo anaubwereranso m'buku lake la The Syntax of Chichewa la 2004. Zitsanzo zathu ndi izi:

(5) a. Amayi asanu aja amadziŵana.
b. Mbale zisanu zasanjikizana.

Mu (5a) womvera amamva kuti mayi aliyense amadziŵa anzake onse anayi. Mu (5b) palibe amene angaganize kuti mbale iliyonse ili pamwamba pa inzake iliyonse. Zangotsatana, iyi pa iyo, iyo pa inayo. Chiganizo (4) chingamveke m'njira zonse ziŵiri. Chikamveka monga (5a) ndi chabodza, chifukwa A ndi C alibe pangano. Chikamveka monga (5b) ndi choona, komabe chimasokeretsa, ndipo cholakwa chili m'tsinde la mneni. Zinthu zimene Mcheŵa amati zalumikizana ndi mapaipi, zingwe, misewu, mabogi a sitima. Madzi oloŵa paipi yoyamba amatulukira yotsiriza, ndipo injini ikakoka bogi yoyamba yotsiriza imayenda. Womvera (4) atsimikiza mumtima kuti phukusi lochoka mu A lifika mu C podzera mu B. Silifika. Ku Amazon, ku Microsoft ndi ku Google komwe, pangano la mtundu uwu limathera pa aŵiri amene alichita.

Chifukwa chake chili m'zimene tanena m'gawo lachiŵiri. Panganolo si waya kapena makina oikidwa pakati pa A ndi B. Ndi chilolezo cholembedwa m'kaundula, chonena kuti makompyuta a mu A angathe kupatsidwa yankho akafunsa za makeyala a mu B. Phukusi limachoka pa kompyuta yogwirika iyi n'kukagwa pa iyo, osaima pena paliponse potchedwa B. Likanyamula keyala ya mu C, kaundula amayang'ana ngati A ali ndi chilolezo cha ku C, ndipo akachisoŵa nkhani yathera pomwepo. Apa mpamene dzina loti ulalo kapena mlatho, limene limabwera msanga m'kamwa, tiyenera kulikana. Munthu akaoloka pa ulalo amapitiriza ulendo wake kumene afuna. Mwini tsidya sangamuuze kuti malekezero ndi pano. Ubale umene tikunenawu ukufanana ndi ubwenzi: bwenzi la bwenzi lako sakhala bwenzi lako kufikira mutapangana nokha. Ku chigawo cha kummwera kwa Malaŵi kuli chinjira, ubwenzi wa amayi aŵiri opangana kuthandizana pa mavuto ndi pa mtendere, ndipo munthu angakopeke ndi liuli poona njira ili m'kati mwake. Koma ndi dzina la ubale wa anthu umene uli ndi ulemu wake, ndipo sitifuna kulibwereketsa kwa makina. Pangano la paŵiri likwanira. Liu loti paŵiri limatseka khomo limene -an- amasiya lotsegula, ndipo m'malo mwa (4) tinene:

(6) A ali pa pangano ndi B, ndipo B ali pa pangano lina ndi C.

Chingerezi chimanena kuti ubalewu si transitive, ndipo kwa ife a ziyankhulo liuli ndi msampha, pakuti timalidziŵa m'galamala, mmene mneni woyambukira ndi amene amatenga pamtherankhani. Tanthauzo lofunika pano ndi la masamu. Ubale wa kukula umayambukira: ngati Chikondi ndi wamkulu kuposa Mphatso, ndipo Mphatso ndi wamkulu kuposa Tadala, ndiye kuti Chikondi ndi wamkulu kuposa Tadala. Ubwenzi suyambukira. Mwamwaŵi, kuyambukira kwa Chicheŵa, kumene timanenanso za moto wochoka pa denga ili kugwira ilo, kumakwana bwino tanthauzo la masamu kuposa mmene kumakwanira la galamala. Tingathe kunena mosaopa kuti pangano la paŵiri siliyambukira, malinga wophunzira auzidwe kuti nkhani ya pamtherankhani ilibemo.

Wofuna kuti netiweki iliyonse ifikire inzake iliyonse ndi mapangano okha ayenera kuwachulukitsa. Manetiweki 3 afuna mapangano 3, manetiweki 10 afuna 45, ndipo 100 afuna 4,950. Amazon salola netiweki imodzi kupitirira mapangano 125.

5. Kudutsa ndi kudutsitsa

Njira yotulukira ndi kuika chinthu chenicheni pakati, choti phukusi liimepo. Kamangidwe kameneka dzina lake la Chingerezi linachokera ku gudumu, ndipo okonza njinga m'misika yathu amanena kale habu ndi masipoko, motero palibe chomasulira. Netiweki iliyonse imamangidwa ku habu yokha, ndipo manetiweki 100 amangofuna zomangira 100.

Ku Microsoft zimachitika motere. Mu B, amene tsopano ndi habu, amaikamo kompyuta yokhala ndi keyala yakeyake, tinene 10.2.0.4, imene ntchito yake ndi kulandira maphukusi a ena, kuwayang'ana ndi kuwapititsa. Kaŵirikaŵiri imakhala firewall. Liu limeneli lisamasuliridwe kuti khoma la moto, pakuti khoma lonenedwalo ndi lotchinga moto. Ntchito yake ndi ya mlonda wa pachipata, ndipo tizimutcha mlonda. Mwini A amalemba ndi dzanja mzere watsopano, mwini C nayenso wake:

(7) Mu A. Kopita: 10.3.0.0/16. Podzera: pa 10.2.0.4.
Mu C. Kopita: 10.1.0.0/16. Podzera: pa 10.2.0.4.

Tsopano Pa wa podzera wapeza malo ake enieni. Koma mizereyi payokha sikwanira. Kompyuta wamba imataya phukusi lililonse losalembedwa keyala yake, choncho mlondayo ayenera kupatsidwa chilolezo chapadera chogwira maphukusi a eni. Nawonso mapangano a paŵiri ayenera kuuzidwa kuti alandire maphukusi amene sanabadwire mwa mnzawo wa pangano koma angodzeramo. Msintho wochititsa umasiyanitsa ntchito ziŵirizi bwino lomwe:

(8) a. Phukusi ladutsa mu B.
b. Mlonda wa mu B wadutsitsa phukusi.

Mu netiweki ya m'kaundula (8a) sichichitika popanda (8b). Phukusi silidutsa lokha monga munthu adutsa m'mudzi wa eni. Pafunika mwininkhani wa mneni wochititsa. Katswiri wofufuza chovuta akadzifunsa kuti wodutsitsa ndani, wafunsa funso loyenera, ndipo galamala ndiyo yamufunsitsa. Amazon inatsata njira ina: mu 2018 inayambitsa Transit Gateway, habu yokonzedwa ndi mwini mtambo, yokhala ndi mindandanda ya njira yakeyake, imene manetiweki amamangidwako. Pamenepo wodutsitsa ndi mwini mtambo, ndipo amalipiritsa pa ola lililonse la chomangira ndi pa kuchuluka kwa uthenga wodutsa.

Mzere wachiŵiri wa (7) ndiwo umaiŵalika. Munthu amaganiza kuti njira ikatsegulidwa yatsegulidwa uku ndi uku, monga msewu. Mndandanda wa njira umangonena za maphukusi otuluka, ndipo yankho lochokera mu C ndi phukusi latsopano limene liyang'aniridwe pa mndandanda wa C. Mzerewo ukasoŵa, yankho limatayika. Ukaloza kwa mlonda wina, yankho limafika kwa mlonda amene sanaone funso, ndipo alonda a mtundu uwu amasunga m'mutu makambirano amene awatsegulira. Yankho lopanda funso lodziŵika amalitaya. Chicheŵa chili ndi mau aŵiri okonzeka, njira yopitira ndi njira yobwererera. Wachiŵiriyu ali ndi -er- kaŵiri, chifukwa bwerera anauma kale kukhala tsinde palokha, ndipo kuti tinene njira yochitira zimenezo tiyenera kuwonjezanso msintho womwewo. Olemba ena amafupikitsa n'kulemba njira yobwerera. M'nkhani wamba palibe kanthu, koma m'buku la luso tikadasunga -er- onse aŵiri, kuti zimveke kuti chobwerera ndi phukusi, njirayo ili pomwe ili.

6. Kulengeza njira

Mizere yonse ya pamwambapa ndi yolembedwa ndi dzanja kapena ndi mwini mtambo. Pali mtundu wachitatu. Bungwe likamanga ofesi yake ku mtambo, mbali ziŵirizo zimauzana zokha makeyala amene ili yonse ingafikire, pogwiritsa ntchito BGP, dongosolo limene linalembedwa koyamba mu 1989 ndipo ndilo limamanga intaneti yonse. Chingerezi chimati makina amachita advertise njira zawo. Kutsatsa ndi kwa malonda, ndipo pano palibe chogulitsa. Makinawo amalengeza, anzawo n'kumva, ndipo njira ikafa amalengezanso kuti yafa. Ku Microsoft, mizere itatu ikanena za kopita kumodzimodzi ndi nambala yofanana, wolembedwa ndi dzanja umaposa wolengezedwa, ndipo wolengezedwa umaposa wa mwini mtambo.

Ndi mau amene tasonkhanitsaŵa katswiri angapereke lipoti lathunthu la chovuta osabwereka chiganizo:

(9) Phukusi likuchoka mu A, kopita n'ku C, podzera m'pa mlonda wa mu B. Mlonda akulidutsitsa, koma mu C mulibe njira yobwererera.

Kopita, podzera ndi muno zingasamukire mosavuta ku Chishona, Chibemba ndi Chitumbuka, kumene Pa, Ku ndi Mu akali amoyo pa mayina. Chiswahili chimaika -ni ku mapeto a dzina pa malo a mitundu yonse itatu, koma chinasunga kusiyanako m'agwirizanitsi, monga mu hapa, huku ndi humu, motero chili ndi pogwira. Chizulu ndi Chisotho zilibe kusiyana kwa patatu kumeneku pa mayina, ndipo anzathu a ziyankhulo zimenezo adzafunika kunyamulitsa aneni katundu amene kwathu wanyamulidwa ndi magulu a mayina. Msintho wochitirana wokha ndiwo tili nawo tonse, -an- kuchokera ku Chiswahili mpaka ku Chizulu, ndipo chiganizo (4) chiyenera kuyesedwa m'chiyankhulo chilichonse mwa izi, kwa eni ake, kuti tione ngati nawonso amva kuti A afika ku C.